Mmene Nthengu Adatsegulira Pakamwa pa Mwana wa Bakha

Padangokhala. Amene muli nane nenani kuti tili tonse, amene mwachedwa mukafunse kwa anzanu, ine sindibwereza.

Nthano iyi sindidaitole panjira ayi. Adandiuza ndi Nthengu mwini wake, atatera pa mpini wa khasu langa. Pajatu ine zilankhulo ndimadziwa makumi anayi ndi ziwiri, osawerengera cha nyerere, chimene kumva ndimamva koma kuyankha chimanditupitsa lilime.

Padali Bakha, mnyamata wa kudambo lakutali, amene adakwatira Nkhanga n'kukhala pachikamwini. Ndaona wina watukula kale chala kuti bakha ndi nkhanga akwatirana bwanji. Tsitsani chalacho. Masiku amenewo zinkatheka. Ine ndidavinako pa ukwati wa nkhanu ndi mbuzi, ndipo udakhalitsa kuposa maukwati anu a lerowa.

Vuto lidali limodzi. Bakha ankalankhula Chibakha, chija chotulukira m'mphuno pang'onopang'ono ngati munthu wa chimfine. Nkhanga ankalankhula Chinkhanga, chija chothamanga ngati akunola khasu pamwala. Mawu amene awiriwa ankamvana sankadzaza n'chikhatho chomwe. Choncho pakati pawo padali Nthengu, kambalame kakuda bii, kamene masiku amenewo mchira wake udali wathunthu. Iyeyu ndiye adali nkhoswe ya ukwatiwo, ndiyenso ankanyamula mawu kuchoka kwa mwamuna kupita kwa mkazi.

Ntchito imeneyi inkamunenepetsa. Bakha akabwera ndi ziwala khumi ankati, "Ankhoswe, auzeni mayi a kunyumba kuti ndiwo ndi izi."

Nthengu n'kutembenukira kwa Nkhanga. "Akuti zisanu n'zanu, zisanu n'za ankhoswe, chifukwa mawu amalemera ponyamula."

"Iii, koma amuna angawa ndi opatsa! Auzeni kuti zikomo."

Nthengu n'kubwerera kwa Bakha. "Akuti mawa muwonjezere, ankhoswe aonda."

Akatero ankakwera pa mtanda wa khonde n'kumadya, uku akung'ung'udza m'Chinthengu, chilankhulo cha kwawo chimene pamudzi ponsepo padalibe wochimva. Mawu ake adali amodzimodzi tsiku lililonse: zitsiru zikwatirane, anzeru tidye.

Patapita nthawi Nkhanga adaikira dzira. Koma nkhanga mukuidziwa, ilibe mtima wofungatira. Ikakhala pang'ono yakumbuka nkhani imene sidaimalize kwa anzake. Ndiye dziralo adakalisiya kwa Thadzi, nkhuku ya nyumba yoyandikana nayo. Thadzi adalifungatira, adaliswa, ndipo masana onse mwanayo ankayenda ndi anapiye ake akumva Chinkhuku. Mwanayo adali wamkazi, thupi la mawangamawanga ngati mayi ake, mapazi otambalala ngati bambo ake. Adamutcha Namawanga.

Anzake obadwa nawo limodzi adayamba kulankhula, kutukwana, ena mpaka kufunsirana. Namawanga ali duu. Maso okha, uku ndi uku.

Tsiku lina a Chidazi, mlongo wake wa Nkhanga, amene adali mwini mbumba, adaitanitsa onse.

"Alamu," adatero a Chidazi akuloza Bakha ndi mlomo, "kwathu kuno mwana sachedwa chonchi. Ine ndidayamba kutsutsana ndi mayi anga ndili m'dzira. Uyu zilankhulo zitatu zamupanikiza pakhosi ngati mbuzi zitatu pakhomo la khola, palibe yotuluka. Tichotsepo imodzi. Thadzi ndi wa pamudzi pano, sitingamusamutse. Mlongo wanga ndiye mwini nyumba. Watsala ndani?"

"Akuti chiyani alamuwo?" adafunsa Bakha.

Nthengu adaganiza msanga. Ukwati ukatha, nkhoswe idya chiyani? Adamuuza Bakha zoona zokhazokha, ndipo lilime lidamuwawa chifukwa chosazolowera. Bakha adangoweramitsa mutu.

"Eni mbumba," adatero Nthengu, "ndipatseni masabata atatu. Pakamwa pa mwanayu nditsegula ine."

"Atatu, osawonjezera. Likakwana tsikulo ndisanamumve ndi makutu angawa, alamu apinde mphasa yawo azipita kwawo."

Tsono si njala yokha imene inkamuvuta Nthengu. Iye zilankhulo adazidziwa atakula kale, mochita kuba, akubisala m'mitengo, thukuta lili kamukamu. Ndiye ankafunitsitsa kudziwa: kodi mwa mwana mawu amalowera pati? M'khutu? M'mphuno? Kapena amamezera kumodzi ndi chakudya? Ndipo akalowa amakagona kuti?

Sabata yoyamba adati, "Mbuzi zizituluka imodziimodzi." Adatsekera mwana m'nyumba ndi mayi ake, Chinkhanga chokhachokha, Bakha osayandikira.

Nkhanga adalankhula. Abale inu, adalankhula! Adayamba Lolemba, adapuma Lachinayi kuti ameze malovu. Udzu wa padenga udayamba kuthothoka wokha.

"Nena mayi! Iwe, ndikuti nena mayi! Taona ana a Thadzi akuphera kale miyambi akulu, nanga iwe watengera yani, tandipatsa lichero ilo, osati ilo, laling'onolo, eya, tsono nena mayi, ukhala chete mpaka liti?"

Nthengu ali pa mtanda adaona chinthu. Mwana adapereka lichero laling'onolo, osati lalikulu.

"Ohoo," adatero mumtima, "mawu alowa. Nanga akhala pati?"

Adatsika, adamutsegula mwana kukamwa n'kusuzumira. Adangopezamo kambewu ka mapira.

Sabata itatha adamutulutsa. Masana ake Nthengu adamva kanyimbo kuseri kwa nkhokwe, kanyimbo ka miyendo itatu. Kankayamba m'Chibakha, kufunsa kuti ziwala zidapita kuti. Kenaka kankalumphira m'Chinkhanga, kuyankha kuti mwini nyumba adangoona miyendo yokha. Pomaliza kankagwera m'Chinkhuku, kuitana anapiye kuti adzaone mimba imene yakhuta popanda kulima.

"Atatuwa andipangira upo!" adatero Nthengu. Adauluka n'kukazungulira nkhokwe mapiko ali phaphapha. Adapeza palibe munthu. Atafufuza, Bakha adali kudambo, Nkhanga kumtondo, Thadzi kudzala. Adakanda mutu.

Sabata yachiwiri adapita naye mwana kwa bambo ake kudambo, Chibakha chokhachokha. Koma Bakha ndi munthu wouma pakamwa. Sabata yonse adalankhula kasanu ndi kawiri, ndidawerenga ndine.

"Nkhono ili pansi pa tsamba lachitatu," adatero tsiku lina.

Namawanga adadumpha tsamba loyamba, adadumpha lachiwiri, adavundukula lachitatu.

"Uyu mpaka kuwerenga!" adadabwa Nthengu. "Ayi, apa pafunika njala. Njala imatsegula pakamwa pa wina aliyense."

Adagwira chiwala chonona, adachiluma ndi mlomo, n'kuima patsogolo pa mwana. M'Chibakha adati, "Tchula dzina lake ndikupatse."

Potsegula mlomo chiwala chidagwa. Namawanga adatola, kwiti. Nthengu adagwira china n'kuyesa m'Chinkhanga. Chidagwa, kwiti. Adayesa m'Chinkhuku. Kwiti. Aka kadali koyamba chibadwire kuti Nthengu adyeredwe ndi munthu, ndipo womudyerayo sadanene ngakhale zikomo.

Atabwerera kumudzi kanyimbo kaja kadamvekanso kuseri kwa nkhokwe, miyendo yake itatu yomwe ija: Chibakha kufunsa, Chinkhanga kuyankha, Chinkhuku kuitana anapiye. Ulendo uno Nthengu adayamba watchera khutu. Adamva kuti pakhosi poimbapo ndi pamodzi, pang'onong'ono. Koma pouluka mapiko adamuwulula, ndipo adapezanso mbee.

Sabata yachitatu adapita kwa Thadzi.

"A Thadzi, inu mwanayu mumamuphunzitsa bwanji?"

"Kuphunzitsa?" adatero Thadzi osasiya kupalasa. "Ine ndimapalasa, iye amapalasa. Ndikaona mphutsi ndimati mphutsi. Ndikaona kabawi ndimati thawani. Palinso china?"

"Simumuuza kuti nena chakuti?"

"Nthawi imeneyo ndiipeza kuti?"

"Nanga amakuyankhani?"

"Ankhoswe, ana ndili nawo khumi ndi anayi. Mukuganiza kuti ndimadziwa amene wayankha ndi amene walira? Tasunthani, mwaponda chiswe changa."

Masiku adatha limodzilimodzi mpaka kudatsala limodzi lokha. Nthengu adati lero sindiuluka. Adayenda wapansi ngati khoswe, adakwera nkhokwe monyang'ama, n'kubisala m'denga mwake. Posakhalitsa kanyimbo kadayamba pansi pake penipeni. Adasuzumira.

Adali Namawanga, yekhayekha, akusewera masanje. Patsogolo pake adaika chigoba cha nkhono, nthenga ya mawanga, chitsononkho cha chimanga, ndi kachidutswa ka makala. Pambali padali timiyala khumi.

Adagwedeza chigoba cha nkhono, ndipo chidalankhula Chibakha cha m'mphuno: "Ankhoswe, auzeni mayi a kunyumba kuti ndiwo ndi izi." Chisanatseke pakamwa, kakhala kaja kadalumphira pakati: "Akuti zisanu n'za ankhoswe!" Timiyala tisanu tidapita kwa kakhala. Nthenga idathokoza m'Chinkhanga chothamanga mpaka kutsamwa. Chitsononkho chidadutsa chikuitana ana m'Chinkhuku. Ndipo kakhala kakangonama, Namawanga ankakamenya ndi phiko, pha!

Nthengu adayang'anitsitsa mpaka adaiwala kuphethira. Chigoba sichidalankhulepo Chinkhanga. Nthenga sidalankhulepo Chibakha. Chilankhulo chilichonse chidali ndi mwini wake. Pena liwu la Chibakha likamusowa, mwanayo ankangotapa la Chinkhuku n'kuikapo, monga mayi wobwereka mchere kwa mnansi, masewera n'kumapitirira.

"Kani mbuzi zija sizidapanikizane," adatero Nthengu mumtima. "Iliyonse ili ndi khola lake. Koma angalankhule nthawi yanji mwanayu? Mayi ake sasiya mpata, bambo ake sayamba nkhani, ndipo pakaoneka kampata ndalumphirapo kale ine."

Adatsika. "Namawanga, mwana wabwino, tabwereza tione."

Duu. Mwanayo adangosuntha n'kukhalira kakhala kaja.

Apa Nthengu adaona kuti wagwira njakata. Akakawauza a Chidazi, adzati tifuna timve tokha, ndipo mwanayu akamulamula salankhula. Akakhala chete, ukwati watha, ziwala zatha. Akalankhula, adzanena zotani? Nthengu adayeza uku, adayeza uku. Kenaka adakumbukira phiko lija, pha!

"Bodza limamuyabwa mwanayu," adatero. "Ndimupatse bodza limodzi lalikulu loti alephere kulimeza. Alikonze lomwelo, ukwati upulumuke. Zakalezo sangazikumbuke, mwana ndi mwana."

Tsiku lidakwana. Mbumba yonse idasonkhana, Thadzi ndi ana ake ali chapambali. A Chidazi adamuimika mwana pakati.

"Nena malume."

Duu.

"Nena mayi."

Duu.

"Nena chilichonse, ngakhale kunditukwana!"

Duu. Maso okha.

"Basi," adatero a Chidazi. "Ankhoswe, mwalephera. Auzeni alamu atsanzike."

Bakha adapinda mphasa yake n'kuikwapatira. Adayang'ana mkazi wake nthawi yaitali, kenaka adalankhula mawu ambiri kuposa onse amene adalankhulapo chikwatirire.

"Ankhoswe, auzeni mayi a Namawanga kuti ndilibe nawo chifukwa. Andisunga bwino. Alamu anganso ndikuwathokoza. Mwanayu asamamukalipire, ndi wanzeru, ine ndamuona. Malo anga aja otolapo nkhono ndamusiyira iye."

Nthengu adakonza pakhosi, adayang'ana Namawanga ndi diso limodzi, n'kukweza mawu m'Chinkhanga.

"Akuti akupita mokondwa, chifukwa phokoso la mkazi uyu lawagonthetsa makutu. Akuti mutu wa alamu awo ukunga dzira limene Thadzi adakana kufungatira. Akuti mwanayu ndi chitsiru, ndipo akukayika ngati ndi wawo. Malo awo otolapo nkhono asiyira ankhoswe."

Pabwalo padati wooo! Nkhanga adagwa pansi n'kuyamba kulira. A Chidazi dazi lidafiira, nthenga zidaima, adayamba kupalasa pansi kuti amulumphire Bakha. Bakhayo ali chiimire ndi mphasa yake, kudabwa kuti mawu abwino aja alakwa pati.

"Bodza!"

Liwu limenelo, abale, ine ndidalimva ndili kumunda mitunda isanu ndi itatu, ndipo khasu lidaguluka pa mpini. M'midzi itatu mbiya zidang'aluka.

Adali Namawanga, m'Chinkhanga choyera ngati cha a Chidazi omwe.

"Amayi, dzukani! Ababa sadatero. Akuti mwawasunga bwino. Amalume, akuti akukuthokozani, za mutu wanu sadatchule. Akuti ine ndine wanzeru, ndipo malo a nkhono ndi anga, anga, si a ankhoswe!"

Adatembenukira kwa bambo ake, mawu n'kukwera m'mphuno. "Ababa, ikani mphasa pansi. Ankhoswe akunamizirani kuti mwatukwana mudzi wonse."

Adatembenukiranso kwa Thadzi m'Chinkhuku. "Amama, agwireni amalume, angawajomphe ababa!"

Mphasa idagwa yokha m'khwapa mwa Bakha. A Chidazi adatsala ndi mwendo umodzi m'mwamba.

"Mwamumva?" adakuwa. "Mwamumva mwana wa mlongo wanga? Chinkhanga chenicheni, cha kwathu! Watengera ine ameneyu. Ndinkanena ine kuti mwanayu musamufulumize! Alamu, yalani mphasa, mupita kuti?"

Namawanga adawauza bambo ake zimenezo m'Chibakha, osawonjezera, osachotsa.

Nthengu adalumphira pakati, chifuwa chili patsogolo. "Mwaona mankhwala anga? Bodza lija ndidanamira dala. Ndidaona kuti mwanayu simungamutsegule pakamwa pomulamula, koma pakhale chinthu chimene iye yekha ndiye angachikonze."

"Ankhoswe, ndinu mwamuna," adatero a Chidazi. "Kuyambira lero ziwala za nyumba ino muzidyako ndithu."

"Amadyako kale," adatero Namawanga.

Onse adatembenuka.

"Amayi, ziwala zija zinkakhala zanu zonse khumi. Ababa sadanenepo kuti zisanu n'za ankhoswe. Ngumbi za chaka chatha, zimene adati ababa apereka ku maliro, kudalibe maliro. Tsiku lija mudakwiya kuti ababa akuti ndiwo zapserera, iwo adati zakoma, koma ankhoswe ankafuna mbale yonse."

"Mwana ndi mwana," adatero Nthengu akubwerera m'mbuyo, "amalota ali maso."

Koma pakamwa padali patatseguka, ndipo padalibenso wotseka. Namawanga adatchula chilichonse, tsiku lake ndi malo ake, kuyambira zimene adamva ali m'dzira. Akanena m'Chinkhanga ankabwereza m'Chibakha kuti bambo ake asatsalire, n'kuponyako pang'ono m'Chinkhuku kuti Thadzi aseke nawo. Adayamba dzuwa lili pamutu, mithunzi idatalika iye asanafike pakati.

Bakha ndi Nkhanga adayang'anana. Apa sipadafunike wotanthauzira. Nthengu adati ndiuluke, koma a Chidazi adamupeza mchira n'kuzula nthenga zapakati. N'chifukwa chake mpaka lero mchira wa nthengu ndi wa mphanda. Nthenga zimenezo ndili nazo ine kunyumba, ndimakolezera fodya.

Ukwati udakhala. Namawanga ndiye ankanyamula mawu a makolo ake, ndipo pomumvera iye, Bakha adayamba kutolako Chinkhanga, Nkhanga Chibakha, mpaka adafika pokangana okha popanda wowathandiza.

Koma Nthengu chinthu chija chidali chikumudyabe. M'mawa mwake adatera pa nthambi yaitali, poti a Chidazi sangafike, n'kumuona Namawanga akupalasa pansi.

"Iwe mwana," adatero m'Chinkhanga, "wandilanda chakudya, wandilanda mchira. Tandiuze chinthu chimodzi chokha. Ine zilankhulozi ndidazivutikira zaka. Iwe adakuphunzitsa ndani?"

Namawanga adatukula mutu. Sadayankhe m'Chinkhanga. Sadayankhe m'Chibakha, ngakhale m'Chinkhuku. Adayankha m'Chinthengu, chosalala ngati cha mayi ake a Nthengu amene.

"Palibe, ankhoswe. Ndinkangokhala pansi pa mtanda inu mukudya. Zitsiru zikwatirane, anzeru tidye. Si mmene munkanenera?"

Nthengu adatsala pang'ono kugwa pa nthambi.

Mwanayo adapitiriza kupalasa akuimba kanyimbo kake kaja, koma tsopano kadali ndi miyendo inayi. Chibakha chinkafunsa za ziwala, Chinkhanga chinkayankha, Chinkhuku chinkaitana anapiye, ndipo mwendo wachinayi, wa Chinthengu, unkafunsa mwaulemu ngati mchira wa ankhoswe wagona bwino.

Kuyambira pamenepo Nthengu alibe nyumba yomudyetsa. Amangokhala pa nthambi, kukuwa m'zilankhulo za eni ake kuti kabawi wabwera, anzake akathawa iye n'kutola zimene ataya. Koma mukamuonetsetse akamadya. Amayamba wasuzumira pansi, ndipo akaona kamwana kali duu, amameza osang'ung'udza.

Inenso, ndi zilankhulo zanga makumi anayi ndi ziwiri, ndikaona khanda likundiyang'ana ndimatseka pakamwa m'zonsezo. Kaphuleni mbatata ija. Ngati yapserera, musandinene pali ana.